Mwana wanga ali ndi autism ndiponso sakhazikika, kodi mankhwala ake alipo?

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe: "Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 5, mawu amene amayankhula ndi ochepa kwambiri, akafuna chinthu amangondikoka dzanja. Sakhala pansi, usiku sagona, ku nasale anandibwezera ati akusokoneza anzake. Kuchipatala anati ndi autism ndipo mwina alinso ndi ADHD. Achemwali anga a ku Joni akuti anditumizira Ritalin, pa WhatsApp pali wina akugulitsa mankhwala otsuka m'thupi akuti amachiritsa, apongozi akuti bambo ake anamukhwimira. Ndiyambire pati?"

Mayi, zikomo kwambiri polemba. Ndiyambe ndi zofunika yankho lamsanga: Ritalin uja, amene ndi mankhwala a ADHD (vuto la kusakhazikika ndi kusatchera khutu), auzeni achemwali asatumize kaye, wa pa WhatsApp uja musamupatse olo kwacha imodzi, ndipo mwana wanu palibe anamukhwimira kapena kumulodza. Zonsezi ndifotokoza bwinobwino, nde mupirire nane chifukwa yankholi litalika ndithu.

Autism, vuto limene limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu, imabwera chifukwa ubongo wa mwana unakula mosiyana ndi wa anzake kuyambira ali m'mimba, ndipo mbali yaikulu ndi ya chibadwa, zoyenda m'magazi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO kwa zaka zingapo linkanena kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse ali ndi autism, ndipo ana otere aliko ku Japan, ku Sweden, ku Nigeria, kwa olemera ndi osauka omwe. Dokotala wina, Leo Kanner wa ku Baltimore ku America, anafotokoza za ana 11 otere mu 1943, koma kwa zaka zambiri zotsatira madokotala ena ankaloza chala amayi kuti sanawakonde ana awo mokwanira, zimene zinali zabodza ndipo zinaliza amayi ambiri popanda chifukwa. Zoti katemera ndi amene amayambitsa autism nazonso mukazimva musatekeseke. Nkhani imeneyo anaiyambitsa ndi Andrew Wakefield mu 1998 pa ana 12 okha, magazini ya Lancet inaichotsa mu 2010 zitadziwika kuti munali zachinyengo, mwini wakeyo anamulanda chilolezo cha udokotala chaka chomwecho. Mwanayu ndi azing'ono ake apitirize kubayitsa katemera wa chikuku ndi ena onse.

Tsopano chimene mwafunsa. Mankhwala ochiritsa autism kulibe. Kulibe ku Joni, kulibe ku India, kulibe ku London. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa kwa kholo koma ndi bwino muwamve kwa ine kusiyana nkuti muwazindikire mutagulitsa kale poloti. Chimene chilipo ndi thandizo lomuphunzitsa mwana kulankhulana ndi anthu, kudzisamala, kusewera ndi kuphunzira, nde palinso mankhwala a mavuto ena amene amabwera limodzi ndi autism monga khunyu, kusagona, kudzivulaza ndi ADHD yomweyo. Komanso musaganize kuti poti wafika zaka 5 asakuyankhula bwino ndiye basi zatha. Kafukufuku wa ku America amene anatuluka mu 2013 anaona ana 535 a autism amene pa zaka 4 anali asanayambe kulumikiza mawu, ndipo pofika zaka 8 ana 7 pa 10 aliwonse anali akulumikiza mawu, pafupifupi theka akuyankhula bwinobwino. Sindingakulonjezeni kuti wanu adzakhala mbali iti, koma mwana woti ali kale ndi timawu tingapo komanso amakukokani dzanja akafuna chinthu, ameneyo pali poyambira.

Musanapite patali ndi ma therapy, kutanthauza njira zophunzitsira mwana, pali zinthu zoti ziyezedwe kaye, ndipo izi timazidumpha kawirikawiri. Choyamba makutu. Mwana woti anadwalapo mafinya m'khutu kapena amamva pang'ono chabe amachedwa kuyankhula ndipo amaoneka ngati wosalabadira. Ku Lilongweko kuli kiliniki yoyeza makutu ku African Bible College ku Area 47, a ku Blantyre amapita ku Queen Elizabeth. Olo mukuona ngati amamva poti akamva nyimbo ya pa TV amathamangira, kamuyezetseni basi. Kenako khunyu, chifukwa ana a autism ambiri amakhalanso ndi khunyu, ndipo si khunyu yonse imene mwana amagwa pansi nkumaphupha, ina amangoti duu maso gwa kwa masekondi ochepa nkupitiriza zomwe amachita. Ndikufunsaninso, kodi anadwalapo malungo aakulu mpaka kukomoka? Kafukufuku amene anachitika ku Queen Elizabeth nkutuluka mu 2010 anapeza kuti ena mwa ana opulumuka malungo a mu ubongo pambuyo pake amayamba khunyu, ena amayamba kusakhazikika ndi ukali zofanana kwambiri ndi ADHD. Ndipo ngati akumwa phenobarbitone, mankhwala a khunyu amene ali ponseponse m'zipatala zathu, auzeni adokotala za kusakhazikikako chifukwa mankhwala amenewa pawokha amapangitsa ana ena kukhala ojijirika. Musamusiyitse nokha, nzoopsa, koma adokotala atha kuona ngati nkoyenera kusintha. Chinanso ndi ululu. Mwana wosayankhula dzino likamuwawa kapena akadzimbidwa sanganene, amangodzimenya mutu kapena kuluma anthu, nde ife nkumati khalidwe lavuta pamene vuto ndi dzino lobowoka.

Thandizo lenileni la autism ndi kuphunzitsa, ndipo mukalowa pa intaneti mupeza mayina ambirimbiri. Lotchuka kwambiri ndi ABA, limene Ivar Lovaas wa ku Los Angeles analitchukitsa mu 1987 ndi pulogalamu ya maola 40 pa sabata, mwana ndi mphunzitsi wake awiriwiri, kugawa luso lililonse m'tizidutswa ting'onoting'ono nkumupatsa mphotho akakhoza. Njira yogawa luso ndi kuyamikira imagwira ntchito ndipo tonse timaigwiritsa, koma maola 40 ndi ndalama zoti banja wamba kwathu kuno silingakwanitse, komanso akuluakulu ambiri a autism amene anadutsa mu ABA yakale ija amadandaula kuti ankawakakamiza kuyang'ana anthu m'maso ndi kusiya kugwedeza manja kuti angooneka ngati ana ena, zimene zinkawapweteka mumtima. Madandaulo amenewa ine ndimawatenga kuti ndi enieni. Cholinga chisakhale choti mwana asiye kuoneka wa autism, chikhale choti azitha kunena kuti ndikufuna madzi, pandipweteka apa, sindikufuna.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri malinga ndi mmene zinthu zilili kwathu kuno ndi yophunzitsa makolo. Ku Manchester, gulu la Jonathan Green linayesa njira yotchedwa PACT pa ana 152, zotsatira zinatuluka mu 2010, katswiri ankajambula vidiyo kholo likusewera ndi mwana kenako nkuonera limodzi kuti kholo lione pamene mwana anayesa kulankhula nalo koma silinazindikire. Atawatsatiranso ana aja patapita zaka pafupifupi 6 anapeza kuti phindu lija linalipobe. Njira yomweyo anakaiyesa ku Goa ku India ndi ku Rawalpindi ku Pakistan pogwiritsa ntchito anthu wamba ophunzitsidwa, osati akatswiri, ndipo inathandizanso kuti makolo ndi ana azimvana bwino. WHO nayo ili ndi maphunziro a makolo otchedwa Caregiver Skills Training, misonkhano 9 ya pagulu ndi maulendo 3 oyendera pakhomo, anawayesa m'mayiko ngati Ethiopia ndi Kenya, ndipo alipo a ulere pa intaneti. Ma speech therapist, akatswiri ophunzitsa kuyankhula, ku Malawi ndi ochepa zedi, mukamupeza mwina muzikumana naye kamodzi pa mwezi, nde ola limodzi limenelo musalione ngati ndiye thandizo lonse. Lowani naye m'chipindamo mwanayo, onani zimene akuchita, funsani kuti kunyumba ndizikatani, chifukwa maola ena onse a mweziwo mwana ali ndi inu.

Ndiye kunyumbako muzitani? Yambani ndi chimene iye amakonda, osati chimene inu mukufuna aphunzire. Ngati amakonda kundandalika zotsekera mabotolo kapena kupukusa tayala la galimoto ya mawaya, khalani pansi pamphasa moyang'anana naye, nkhope yanu ifanane msinkhu ndi yake, tengani zotsekera zanu muzindandalikanso. Musamulande, musamufunse mafunso ngati mayeso kuti ichi nchiyani, ichi nchamtundu wanji. Ingotchulani zimene akuchita ndi mawu amodzi kapena awiri, "ika", "china", "chagwa". Masiku oyamba azioneka ngati sakukuonani, koma tsiku lina adzatembenuka kuona kuti amayi akutani, ndipo pamenepo mpamene kucheza kumayambira. Mphindi 10 kapena 15 kangapo patsiku nzokwanira, kuposa ola lathunthu nonse mutatopa.

Chachiwiri mupatseni chifukwa choti apemphe. Amayi ambiri a ana otere amadziwa zofuna za mwana asanapemphe nkomwe, nde mwachikondi amangopereka, mwana osaona kufunika kwa mawu. Nthochi musamupatse yonse, mupatseni kachidutswa, chotsalacho gwirani poti akuona, kenako dikirani. Werengani chamumtima mpaka 10 musananene kanthu. Kudikiraku nkovuta kuposa mmene mukuganizira koma paja kuona maso a nkhono nkudekha, ana amenewa amatenga nthawi kuti zimene amva zifike ndi kuti akonze yankho. Akangoyesa chilichonse, kaya kuloza, kaya kukuyang'anani, kaya kungoti "chi", mupatseni pompo nkunena "nthochi!" mosangalala. Posamba chimodzimodzi, thirani madzi pang'ono nkuima. Pomukankha pa katungwe, kankhani kawiri nkuima. Pomupatsa chakumwa musonyezeni thobwa ndi madzi asankhe yekha. Koma osamuumiriza mpaka kulira, mukaona kuti wayamba kukwiya muthandizeni kuloza nkumupatsa, mudzayesanso nthawi ina.

Zithunzi zimathandiza kwambiri. Pali njira yotchedwa PECS imene Andy Bondy ndi Lori Frost anaiyambitsa ku Delaware mu 1985, mwana amapereka chithunzi cha chinthu chimene akufuna nkulandira chinthucho. Simukufunika zida zodula, jambulani ndi foni kapu yake, chimbudzi, mpira, nsima, kukasindikiza pa situdiyo nkumata pa katoni. Makolo ena amaopa kuti akazolowera zithunzi kapena zizindikiro za manja ndiye sadzayankhulanso, koma kafukufuku sasonyeza zimenezo, ana ambiri zimawathandiza kuti mawu abwere ndipo kulusa kumachepa poti tsopano ali ndi njira yonenera. Zithunzi zomwezo muzindandalike pakhoma kusonyeza dongosolo la tsiku, kudzuka, chimbudzi, kusamba, phala, sukulu, chifukwa ana a autism amasautsika kwambiri akakhala kuti sakudziwa chimene chikubwera. Ndipo ngati amabwereza mawu a pa TV kapena kubwereza funso lanu m'malo moyankha, musamuletse, kwa ana ambiri imeneyo ndi njira yolowera m'chiyankhulo. Foni ndi TV sizimayambitsa autism, koma mwana akakhala pa katuni tsiku lonse ndiye kuti maola ocheza ndi anthu apita, nde chepetsani pang'onopang'ono. Zonsezi aphunzitseninso bambo ake, agogo, azikulu ake ndi mtsikana wantchito ngati alipo, kuti pakhomo ponse muzichita chimodzimodzi.

Za kulusa, kudzigwetsa ndi kumenya anzake, gulani kope la masamba ochepa muzilemba zinthu zitatu nthawi iliyonse zikachitika: chinachitika nchiyani asanayambe, anachita chiyani, inu munatani pambuyo pake. Pakatha masabata awiri muona nokha kuti sizichitika mwachisawawa. Mwina ndi nthawi zonse mukadutsa pachigayo kapena kutchalitchi akakweza zokuzira mawu, pamenepo si mwano, phokosolo limamupweteka m'makutu zenizeni, mutulutseni akapume pamalo a zii. Mwina ndi pamene mwamukaniza bisiketi pagolosale ndipo akalira mumagula kuti anthu asakuyang'aneni, pamenepo waphunzira kuti kulira kumagula bisiketi. Ziwirizi zimaoneka zofanana koma mayankho ake ndi osiyana. Kukwapula sikuthandiza pa zonse ziwiri, kumangomuphunzitsa kuti munthu akakwiya amamenya. Kugwedeza manja, kuzungulira kapena kung'ung'udza musiyeni ngati sakudzivulaza, ndi mmene amadzikhazikira mtima pansi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kwa mwana wothamangathamanga ngati wanu ndi ngozi. Ana a autism ambiri amakopeka ndi madzi ndipo amatha kuchoka pakhomo mwakachetechete, kumira m'madzi ndi imodzi mwa ngozi zimene zimapha ana otere kwambiri. Chitsime chivindikiridwe, mgolo wa madzi utsekedwe, geti likhale ndi loko wapamwamba poti safikira, mbaula isakhale poti angaigunde. Lembani nambala yanu ya foni mkati mwa malaya ake ndipo aneba, a pagolosale ndi a kabaza a pa siteji yanu adziwe kuti akamuona yekha amugwire dzanja nkukuimbirani. Ndikudziwa mabanja ena amafika pomanga mwana ndi chingwe kapena kumutsekera m'nyumba tsiku lonse chifukwa chosowa pogwira, sindikuwaweruza koma zimenezo zimamuvulaza mwana ndipo khalidwe limaipiraipira.

Pa zakudya anthu akuuzani zambiri, makamaka zoti mumusiyitse tirigu ndi mkaka. Kafukufuku woyendetsedwa bwino sanapeze kuti zimenezi zimachepetsa autism, ndipo taganizani, chimanga mulibe gluten, chinthu chopezeka mu tirigu chimene anthuwo amachiloza chala, ana athu ambiri amakulira nsima ndi phala koma autism ilipo ndithu. Mwana woti amasankha kale zakudya mukamuchotseranso mkaka ndi buledi mutha kumudwalitsa matenda osowa zakudya m'thupi. Shuga nayenso anamuyeza kambirimbiri ndipo sanapezeke kuti ndi amene amapangitsa ana kujijirika, muchepetseni chifukwa cha mano basi. Chakudya chatsopano muziika pang'ono pambali pa chimene amakonda, osakakamiza, olo angochinunkhiza lero ndi chiyambi.

Tulo ndi nkhani yaikulu chifukwa mwana wosagona masana ake amakhala wosakhazikika kwambiri, ndipo inunso mumatha mphamvu. Nthawi yogona ndi yodzuka ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, foni ndi TV zizime ola limodzi asanagone, tiyi ndi zakumwa za kola madzulo ayi, masana athamange mokwanira panja. Zikakanika, pali mankhwala otchedwa melatonin amene amathandiza ana ambiri a autism kugona msanga, koma kambiranani ndi adokotala za mulingo wake.

Mankhwala ena amene mungamve ndi risperidone, amene ku America anavomerezedwa mu 2006 kwa ana a autism a zaka 5 kupita m'tsogolo, ndi aripiprazole mu 2009. Amenewa saphunzitsa mwana kuyankhula, ntchito yake nkuchepetsa ukali woopsa ndi kudzivulaza pamene njira zina zalephera. Amanenepetsa kwambiri, amagonetsa, ena amanjenjemera kapena kuuma thupi, nde amayambira pa mulingo wochepa, mwana aziyezedwa sikelo, ndipo pakapita miyezi muzionanso ngati akufunikabe. Wina akafuna kumupatsa mwana mankhwala ongomufooketsa kuti azingogona anthu apume, funsani kuti cholinga chake nchiyani ndipo adzasiya liti. Muli ndi ufulu wofunsa.

Tibwere ku ADHD. Apa nkhani ndi yosiyana chifukwa mankhwala ake alipo ndipo amagwira ntchito. Pafupifupi ana 5 pa 100 aliwonse ali ndi ADHD, ndipo kuti titi mwana ali nayo pamafunika kuti kusatchera khutu, kujijirika ndi kuchita zinthu mosaganiza kukhale kopitirira msinkhu wake, kwa miyezi 6 kapena kuposa, malo oposa amodzi monga kunyumba ndi kusukulu komwe, ndipo kukhale kukumusokonezadi. Kale madokotala sankaloledwa kunena kuti mwana ali ndi autism ndi ADHD pamodzi, zinasintha mu 2013, panopa tikudziwa kuti zimapezeka limodzi kawirikawiri. Koma kwa mwana wa zaka 5 wosayankhula bwino, wosagona, kusiyanitsa nkovuta, nchifukwa chake adokotala anu anati mwina. Mwana amene sakumva zimene aphunzitsi akunena sangakhale pansi olo alibe ADHD.

Ritalin dzina lake lenileni ndi methylphenidate, ndi mankhwala akale ndithu, akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira zaka za m'ma 1950. Si ogonetsa, amathandiza mbali ya ubongo imene imagwira mabuleki ndi kusunga chidwi. Kwa ana a ADHD yokha, pafupifupi 7 pa 10 amathandizika, ndipo kafukufuku wamkulu wa MTA wa ana 579 amene anatuluka mu 1999 anasonyeza kuti mankhwala operekedwa mosamala, dokotala akutsatira mwezi ndi mwezi, amachepetsa zizindikiro kwambiri. Koma kwa ana amene alinso ndi autism, kafukufuku wa mu 2005 anapeza kuti othandizika anali pafupifupi theka, ndipo pafupifupi mmodzi pa 5 aliwonse anasiya chifukwa cha zovuta monga kukwiyakwiya. Amachepetsa chilakolako cha chakudya, amatha kusokoneza tulo, amakweza pang'ono BP ndi kugunda kwa mtima. Mwana wanu sagona kale, nde mukuona nokha vuto lake. Asanayambe dokotala amayenera kumuyeza sikelo, msinkhu, BP, kumvetsera mtima ndi kufunsa ngati kubanja kwanu kuli amene anamwalira mwadzidzidzi ali wamng'ono ndi vuto la mtima, kenako amayamba ndi mulingo wochepa nkumakweza malinga ndi mmene mwana akuchitira. Piritsi wamba amagwira maola 3 kapena 4, pali ena ngati Concerta ofika maola 12. Mulingo wa mwana wina si wa mwana wanu. Komanso awa ndi mankhwala otetezedwa ndi malamulo, kuwatumiza pa basi popanda kalata ya dokotala kutha kuwaika achemwali anu ndi wonyamulayo m'mavuto pa boda. Malangizo a madokotala a ana ku America amati mwana wosakwana zaka 6 ayambe ndi maphunziro a makolo, mankhwala abwere pambuyo ngati zavutitsitsa. Nde sindikuti Ritalin ndi woipa, mwina chaka chamawa kapena mtsogolo adzamuthandiza kwambiri kusukulu, ndipo ngati dokotala wa ana kapena wa maganizo adzamulembera, pamenepo achemwali atha kuthandiza kugula mwa njira yake popeza kwathu kuno sapezeka pachipatala chilichonse. Palinso atomoxetine kwa ana amene Ritalin sawayanja, iyeyu amatenga masabata angapo kuti ayambe kuoneka ntchito yake.

Pakadali pano njira za ADHD zopanda mankhwala yambani lero. Mukafuna kumutuma mufikeni pafupi, mugwireni phewa, nenani chinthu chimodzi chokha, "tenga nsapato", osati kukuwa muli kukhitchini zinthu zinayi nthawi imodzi. Akachita muyamikireni nthawi yomweyo ndipo tchulani chimene wachita bwino. Ana amenewa tsiku lonse amangomva "siya", "iwe", "khala pansi", nde yesetsani kumupeza akuchita chabwino olo chaching'ono. Ntchito yokhala pansi ikhale ya mphindi 2 kapena 3 kenako adzuke athamange, muziwonjezera pang'onopang'ono. Mupatseni ntchito zogwiritsa mphamvu, kunyamula kachidebe, kuthirira maluwa, kukankha wilibala.

Za sukulu, kumubweza kuja kunali kulakwa, malamulo a dziko lino okhudza anthu aulumali amati mwana asakanizidwe maphunziro chifukwa cha ulumali. Komabe sukulu yoti ikumulandira monyinyirika siimuthandiza, nde funani ya ana ochepa m'kalasi ndi mphunzitsi wofuna kumvetsera, yambani ndi maola awiri patsiku. Akamadzayamba Sitandade 1 pitani kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale za dera lanu) kapena ku ofesi ya maphunziro mufunse sukulu ya pafupi imene ili ndi resource centre (chipinda chothandizira ana ofunika maphunziro apadera) ndi mphunzitsi wa maphunziro apadera, ambiri mwa iwo anaphunzira ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. M'kalasi ya ana 80 kapena 100 mphunzitsi sangachite zonse, koma kumukhazika kutsogolo kutali ndi zenera, kumutuma kufufuta bolodi akaona kuti watopa kukhala, ndi kumupezera mnzake mmodzi wodekha, zimenezi sizifuna ndalama. Kwa thandizo la akatswiri, kuchipatala cha Kamuzu Central funsani dokotala wa ana ndi a occupational therapy (ophunzitsa mwana luso lodzisamala ndi ntchito za tsiku ndi tsiku), komanso a St John of God amene ali ku Lilongwe ndi ku Mzuzu amagwira ntchito ndi ana a mavuto a kakulidwe ndi mabanja awo.

Wa pa WhatsApp uja ndikuchenjezeni mwamphamvu. Zotsuka m'thupi zimenezi zapwetekapo ana. Mu 2005 mwana wa zaka 5 wa autism anamwalira ku Pennsylvania akulandira mankhwala ochotsa zitsulo m'magazi, ndipo palinso madzi otchedwa MMS amene kwenikweni ndi bulitchi, boma la America lachenjezapo kangapo kuti anthu asamwe. Aliyense amene akuti amachiritsa autism, shuga, khansa ndi kusabereka ndi botolo limodzi, amene umboni wake ndi mavidiyo a anthu oyamikira, amene akuti lipirani lero mawa mtengo ukwera, ameneyo akufuna ndalama zanu. Ndalama imeneyo isungeni ikhale ya thiransipoti yopitira ku kiliniki ndi chakudya cha mwana. Kupemphera pempherani, mpingo wabwino umalimbikitsa banja, koma mwana asasalitsidwe kudya, asamenyedwe kapena kukuwiridwa kuti akutulutsa ziwanda, asatemedwe mphini, ndipo ngati akumwa mankhwala a khunyu asasiye chifukwa wina wanena kuti wachira.

Apongozi musalimbane nawo ndi mawu, nawonso akufunafuna chifukwa monga mmene inu mukufunira. Chimene ndaona kuti chimathandiza ndi kuwatenga iwo ndi bambo a mwana kupita nawo ku kiliniki akamve okha kwa dokotala ndi kuona ana ena otere ndi makolo awo, kenako apatseni ntchito, agogo amadziwa nyimbo za ana ndi nthano zoyankhizana, ndipo ana a autism ambiri amayamba kutulutsa mawu poimba. Inunso mayi mukufunika kupuma. Ngati mukupezeka mukungolira, tulo osabwera olo mwana atagona, kapena maganizo ofuna kudzipweteka kapena kumupweteka mwana akubwera, nenani kuchipatala msanga, limenelo ndi vuto lochizika ndipo si chamanyazi. Funani makolo anzanu, bungwe la PODCAM limasonkhanitsa makolo a ana aulumali m'maboma ambiri, ndipo pa 2 Epulo chaka chilichonse pamakhala zochitika za tsiku la autism pomwe mungakumane ndi ena.

Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala tengani buku lake la kusikelo, kope lija, mayina a mankhwala onse amene akumwa kuphatikizapo azitsamba, ndi mavidiyo aafupi a pafoni osonyeza akusewera, akulusa, ndiponso ngati pali nthawi imene amangoti duu. M'chipinda cha dokotala ana amachita zosiyana ndi kunyumba nde vidiyo imanena zambiri. Sankhani zinthu ziwiri zokha zoti mugwirepo ntchito miyezi itatu ikubwerayi, ine ndikanasankha tulo ndi kupempha pogwiritsa ntchito chithunzi kapena mawu, ndipo pemphani kuti akulembereni tsiku lobweranso kuti nkhani ya ADHD idzaunikidwenso tulo tikakhala kuti takhazikika. Koma akakomoka, akayamba kuiwala mawu kapena luso limene anali nalo kale, kapena akamadzivulaza mpaka kutuluka magazi, musadikire tsikulo, pitani naye tsiku lomwelo.